Kansalu ka mu Injini

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Chimphamba, ndimamva fungo la petulo ndi fumbi lofiira lomwe linkalowa nawo m'nyumba yathu ku Mchesi madzulo aliwonse. Inali nthawi imene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba, ndipo iwo ankayendetsa vani yakale ya kampani ina, kututa mipando ndi makatoni a mabwana odzakhala ku Area 9. Agogo aakazi ankawaseka kuti vaniyo ndiye mkazi wamkulu. Ankaipukuta ngati mbale ya alendo, ndipo fumbi la misewu yongolimidwa kumene linkawadetsa nkhawa. Ankati galimoto nayo ili ndi chifuwa.

Kenako vani inayamba kumwa petulo mopanda manyazi. Inkafuka utsi wakuda, pachitunda n'kumatsamwa. Abwana awo sanayang'ane utsi, anayang'ana agogo. Anati akumapopa petulo n'kumagulitsa, ndipo anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, munthu woti anali mkulu wa mpingo. Kuyambira pamenepo kutchalitchi ankakhala pabenchi yakumbuyo.

Patapita miyezi iwiri dalaivala watsopano nayenso anadandaula, n'kupita nayo vani kugalaja ya ku Old Town kumene ankagwira ntchito aneba athu, a Mhango a ku Rumphi. Iwo atamasula mapulagi anawapeza ali bii ndi mwaye, chizindikiro chakuti injini ikulandira petulo wambiri koma mpweya wochepa. Anatsuka kabureta, koma vuto osasintha. Atatsegula polowera mpweya anapeza kansalu kopinda kanayi, komangidwa bwinobwino ndi waya, katauma gwa ndi fumbi. Anakazindikira, poti chitenje chomwe kanang'ambidwako ankachiona pachingwe chathu choyanikira zovala.

Madzulo anabwera nako kwathu. Anakhala pakhonde nthawi yaitali, akufunsa za mvula ndi za odwala, asanakatulutse m'thumba.

"Bambo, inu simunabe kanthu. Injini imalephera kupuma chifukwa cha aka. Anamangamo ndani?"

Agogo anakalandira ndi manja awiri, n'kukayang'anitsitsa.

"Ndine. Ndimati ndiiteteze ku fumbi."

Sindinawaonepo atachepa choncho, ndipo ndinawamvera chisoni mpaka kulephera kudya.

M'mawa mwake agogo anavala jekete la kutchalitchi, a Mhango n'kuwaperekeza ku maofesi atsopano a kampaniyo ku City Centre. Anadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenako kalaliki anawauza kuti nkhaniyo inatsekedwa kale. Abwana sanatuluke n'komwe.

Agogo anabwerera kumudzi ku Nathenje, ndipo chaka chotsatira anatisiya. Pamaliro ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuti malemuwa anali munthu wabwino, kungoti ankaba petulo m'tauni. Zoona zake ndinkazidziwa zonse, koma ndinali kamtsikana, ndipo mwana sayankha akuluakulu. Ndinangowerama.

Lero ndili ndi imvi, ndipo nkhaniyi ndaifotokozera anthu osawerengeka, ena oti agogo sanawaonepo. Koma oyenera kuimva anali amayi awiri aja, ndipo anapita kwawo osaimva.