Matumba a Mchenga M'galimoto ya Alamu

Injini tinaifukula m'khitchini. Achemwali anga ndiwo anandilozera malo ake ndi chala cha kuphazi. Khitchiniyo inalibe denga, ndipo pakati pake panali patamera mpapaya. Tinali titangobwerera kwathu ku Milange nkhondo itatha, titakhala zaka zambiri kutsidya kwa malire, ku Muloza, m'dziko la Malawi. Masiku amenewo aliyense ankakumba penapake. Ena ankafukula mapoto, ena makina osokera, ena mafupa a abale awo. Ife tinafukula injini ya galimoto, yokulungidwa m'masaka opaka girisi, monga mmene anaikwiririra alamu anga, amuna awo a achemwaliwo, mafuta atasowa m'tauni.

Thupi la galimotoyo linali kuseri, pansi pa mtengo wa mango, litakhala pamiyala. Inali kagalimoto kakang'ono ka zitseko zinayi, kamene alamu anagula kwa kalaliki wa kumunda wa tiyi. Matayala anali atapita, mipando yakumbuyo itapita, magalasi onse atasweka. Mpando wa dalaivala wokha ndiwo unatsala, chifukwa dzimbiri linali litaugwira zolimba. Alamu anali munthu wamfupi, ndiye mpandowo unali utakankhidwira kutsogolo, pafupi ndi chiwongolero, monga anausiyira.

"Tenga," anatero achemwali. "Uichotse pakhomo pano. Kaya iyenda, kaya ugulitsa zitsulo, ine ndisaionenso."

Alamuwo anafera pamsewu wa ku Mongue. Iwo ndi achimwene anga aakulu onse anali madalaivala a malole. Nthawi ya nkhondo malole sankayenda okhaokha, ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo, ndipo mzere umenewo tinkautcha koluna. Msewu unali wodzaza ndi mabomba okwirira, choncho lamulo la koluna linali limodzi: tayala lako liponde pomwe laponda tayala la mnzako wakutsogolo. Tsiku limenelo lole ya achimwene inatentha injini, nkuyamba kutsalira. Alamu anali pambuyo pawo, akuimba hutala, poopa kuti asilikali awasiya onse awiri m'tchire. Achimwene anatulutsa dzanja pawindo nkuwakodola kuti adutse. Alamu anakhotera m'mphepete mwa msewu, ndipo mpamene panali bomba.

Achimwene sanabise. Anapita okha kukauza achemwali kuti dzanja linali lawo. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, anadzuka nkulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanawalankhulenso. Kutsidya tinkakhala misasa yoyandikana, tinkatunga pachitsime chimodzi, koma mawu pakati pa awiriwo ankadutsa mwa ine. "Uwauze achimwene ako." "Uwauze alongo athu." Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali positi ofesi ya banja, ndipo ndinene zoona, zinanditopetsa mpaka m'mafupa.

Achimwene nawo sanagwirenso chiwongolero. Titabwerera anatsegula kamalo kokonza njinga pafupi ndi msika. Munthu amene kale ankaseka mpaka agalu kuuwa anali atasanduka wongogwedeza mutu. Tikamayenda panjira ankakhala kumbuyo kwanga, maso pansi, phazi lawo likuponda pomwe ndaponda ine. Nthawi zina ndinkalumpha dala kuti ndiwasokoneze, iwo nkulumphanso. Sindinkadziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Ndiye kunamveka nkhani ya korida, mpikisano wa magalimoto. Anthu ochotsa mabomba anali atamaliza msewu wa ku Mongue, galadala yosalaza msewu itadutsamo, ndipo eni masitolo a m'tauni, ambiri a iwo obadwira ku Malawi, anati tiyeni tiuyese msewuwu ndi magalimoto athu. Sizinali zapamwamba ayi. Magalimoto anali asanu ndi imodzi, onse okalamba, ndipo mphoto inali mbuzi. Koma ine nditamva, mutu wanga unagwira chinthu chimodzi: ndikaidzutsa galimoto ya alamu, achimwene akaiyendetsa pamsewu womwewo anthu akuona, mwina munthu uja ndinkamudziwa adzabwerera, ndipo mwina achemwali adzatsegula pakamwa. Mbuzi sindinkaifuna.

Ndinakankhira galimotoyo kuseri kwa malo a achimwene, ndikudziwa chimene ndikuchita. Umakaniko wanga unali wa theka, wophunzira poonerera. Ndinatsuka mapisitoni ndi parafini, kabureta ndinaimasula nkuiuzira mpweya ndi pampu ya njinga, mawaya ndinalumikiza mongoganizira. Matayala ndinakatenga ku Muloza, lililonse la mtundu wake, pamodzi ndi mpando wina wakutsogolo. Sabata zitatu achimwene sanatembenuke nkomwe. Tsiku limene injini inalira koyamba, inalira moipa, ikutsokomola ndi kuwombera ku ekizozi, nkhuku za pamsika zili balala. Ndinaona msana wawo ukuuma. Anapirira pang'ono, kenaka anaponya sipanala pansi.

"Epa, iwe! Zimitsa! Ukuipha!"

Anabwera, anasinthanitsa mawaya awiri a mapulagi, anakhotetsa pang'ono apa ndi apo khutu lili pafupi, ndipo injini inayamba kulankhula bwinobwino. Anaimirira akumvetsera nthawi yaitali. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Inkalira chonchi ikamatsika kuphiri la Tumbine."

Kuyambira pamenepo ntchito inali yawo, ine wopatsira zida. Masipuling'i akumbuyo tinawonjezera mapepala a chitsulo ochokera ku lole yakufa, kuti galimoto ikwere m'mwamba. Pansi pa injini tinamangapo chitsulo chokhuthala chotchinga miyala. Mapaipi a madzi a kufakitale ya tiyi yogumuka tinawapinda nkuwawotcherera m'kati ngati khola, kuti ikagubuduzika denga lisatiphwanye. Zonsezi tinagwirizana. Tinayambana pa zinthu zitatu.

Choyamba chinali mpando. Achimwene ndi ataliatali, ndiye ndinabwera ndi nyundo kuti ndiumasule ubwerere m'mbuyo. Anandigwira mkono. "Usiye pomwepo." Anakhalapo choncho, mawondo akugunda chiwongolero, ngati munthu wamkulu pa benchi ya ana a sukulu. Chachiwiri chinali galasi loonera kumbuyo. Anakana kagalasi kakang'ono, anakamanga galasi la lole, lalikulu ngati thireyi, kudzanja lawo lamanja. Anthu ankaseka, ati tikupita kukameta.

Chachitatu ndicho chinandipsetsa mtima. Galimoto ya mpikisano imafuna kupepuka, zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Ine ndinali nditachotsa chilichonse chosafunika, mpaka chitseko cha buti. M'mawa wina ndinapeza matumba asanu a mchenga atayalidwa pansi, awiri kumapazi a dalaivala ndi pansi pa mpando, awiri kumbali yanga, limodzi pakati. Umu ndi mmene madalaivala a koluna ankachitira, kuti bomba likaphulika mchenga umwe zitsulo, miyendo itsale. Ndinawatulutsa. Masana ndinawapeza abwerera. Ndinawatulutsanso.

"Achimwene, nkhondo inatha! Msewu anausesa, azungu ochotsa mabomba aja anayendamo ndi makina awo, minibasi zikudutsamo tsiku ndi tsiku. Tikupita ku korida kapena tikukamanga nyumba?"

"Popanda mchenga sindikwera," anatero. Sanakweze mawu. "Ndipo iwenso sukwera."

Walira mvula walira matope. Ndinkafuna achimwene pachiwongolero, ndinawapeza, pamodzi ndi mchenga wawo.

Tsiku la korida linafika, Loweruka la dzuwa lowala, m'nyengo ya fumbi. Magalimoto ankanyamuka imodziimodzi, motalikirana mphindi zitatu, kukazungulira pa mtengo waukulu wa mbawa kunjira ya ku Mongue, nkubwerera kudzera kamsewu ka m'minda kudzathera pamsika. Lamulo linali lakuti mnzako akakupeza nkuimba hutala, umpatse njira. Tinachita maere, ife nkugwera kuyamba. Achimwene sanakondwere nazo, chifukwa mu koluna malo oopsa kuposa onse anali akutsogolo, kopanda mapazi a tayala oti uwatsate. Achemwali ndinali nditawapempha kuti abwere. Ndinawaona ataima patali, pakhonde la sitolo ina, manja atapinda.

Tinanyamuka bwino. Manja a achimwene anali asanaiwale kanthu. Ankasintha magiya mosamveka, maenje ankawaona ine ndisanawaone, ndipo pa kamlatho koyamba ndinakuwa ndi chimwemwe ngati wamisala. Koma mchenga ndi mchenga. Pa zitunda galimoto inkalemedwa, ndipo tisanafike theka la ulendo, m'galasi lija munaoneka fumbi. Anali mwini sitolo ya nsalu, munthu wamfupi wokonda kuseka, wobadwira ku Mulanje, amene nkhondo yathu anangoimva pawailesi. Galimoto yake inali yopepuka. Anatipeza nkuyamba kuimba hutala.

Pamenepo msewu unali utapanikizika, udzu wautali mbali zonse. Kutsogolo pang'ono, kudzanja lamanja, kunali chigoba cha lole chadzimbiri, chitakankhidwira m'tchire, zitsamba zitamera m'kati mwake. Ndinali ndisanafikeko chiyambire, koma sindinafunse kuti ndi lole ya yani.

"Apatseni njira," ndinatero. "Achimwene, lamulo lija. Akodoleni adutse."

Dzanja lawo lamanja linachoka pachiwongolero, linafika pawindo, nkuima pomwepo. Maso awo sanali pamsewu, anali m'galasi. Hutala inaliranso, yaitali. Ndinaona m'galasimo mphuno ya galimoto ija ikusuzumira kumanja, tayala lake likufuna kukwera m'mphepete. Achimwene anabweza dzanja, anagwira chiwongolero ndi manja onse, nkutsekereza. Munthu uja anayesa kumanzere, anamutsekeranso. Kenaka anakhazikika pakati penipeni pa msewu.

"Mwapenga kodi? Atichotsa mumpikisano!"

"Akhale m'mapazi mwanga," anatero. "Akhale m'mapazi mwanga, afika."

Sankalankhula ndi ine. Ndinayang'ana m'galasi lija, ndipo m'fumbi lofiiralo simunkaoneka nkhope, munkangooneka mutu wa munthu wamfupi uli pafupi ndi chiwongolero. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndinangogwira paipi ya khola lathu. Tinadutsa chigoba chija, tinazungulira mbawa, tinalowa kamsewu ka m'minda, hutala ikulira kumbuyo kwathu njira yonse. Achimwene sanaphonye ngakhale dzenje limodzi, ndipo sanasiye mpata ngakhale wa njinga.

Tinalowa pamsika magalimoto awiri atagundizana mphuno ndi mchira. Anthu ena ankaombera m'manja, ati mdala uja ndi katswiri, sapereka njira. Ena ankakuwa kuti ndi chinyengo. Mwini sitolo uja anatuluka ali wofiira ndi fumbi kuyambira kumutu, akutukwana.

"Bambo inu, ndinu ogontha? Hutala yonse ija! Msewu ndi wa agogo anu?"

Achimwene anatuluka movutikira pampando wopanikiza uja. Anapita kwa munthuyo, namugwira mapewa onse awiri. Anamusisita mikono, namuyang'ana miyendo mpaka kumapazi, ngati mayi amene mwana wake wagwa mumtengo.

"Mwafika," anatero. "Mwafika, alamu."

Munthuyo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Oweruza anatichotsa mumpikisano, mbuzi inapita kwa wina, ndipo palibe wa ife anatsutsa.

Achemwali anali atatsika pakhonde paja. Anthu a kwathu ankaidziwa nkhani, ndiye anawapatukira. Anafika pagalimoto, anasuzumira m'kati. Anaona mpando uli pomwe anausiya amuna awo, anaona matumba a mchenga. Kenaka anatembenuka, ndipo sanandifune ine. Anayang'ana achimwene m'maso.

"Bwenzi mutatero tsiku lija, achimwene."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri. Ine amene ndinavutikira miyezi yonseyo kuti pakamwa pawo patseguke, ndinalakalaka pakanakhala potseka.

"Ndikudziwa, mlongo wanga," anatero achimwene. "Tsiku lililonse ndimatero."

Achemwali anaima pomwepo. Kenaka anamasula kansalu kamene anamanga kumutu nkuwapatsa m'manja.

"Pukutani kumaso. Fumbi lalowa m'maso monse."

Galimoto ija sinathamangenso korida. Achimwene anaiyendetsa zaka zambiri pambuyo pake, kunyamula odwala ndi matumba a nandolo pakati pa Mongue ndi tauni, ndipo achemwali ankakwera kutsogolo, mapazi ali pamchenga. Madalaivala onse a msewu umenewo anazolowera kuti ukaipeza galimoto ya galasi lalikulu, hutala ndi yongotaya. Unkangotsatira m'mapazi mwake mpaka pomwe msewu watambasuka.