Akadzidzi a m'denga la agogo

Loweruka, pa 7 Juni

Lero m'mawa ndimapala nsomba pa mpopi pamene amalume a Yotamu anafika kuchokera ku Libala ndi munthu wonyamula tepi yoyezera. Anazungulira kanyumba ka kuseri kamene munkagona agogo, akugogoda makoma, kenaka ndinamva amalume akunena kuti Lolemba akalipentala adzasasula denga lonse n'kukhoma malata atsopano kuti mulowe munthu wa lendi. Ndinafuna kuwauza kuti m'dengamo muli ana a kadzidzi amene sanamerebe nthenga, koma ndinachita manyazi monga mwa masiku onse. Ndinangowerama n'kumapala, mamba akumatirira m'zala. Galimoto yawo itachoka ndinalowa m'chipinda kudzalemba izi, manja akununkhabe.

Fungo limeneli ndi la agogo. A Mwale, bambo awo a amayi anga, ankanunkha nsomba zouma ndi utsi wa makala ngakhale atavala jekete la kutchalitchi, chifukwa jeketelo linkagona m'bokosi limodzi ndi chipewa chawo chakale cha kuntchito. Anagwira ntchito zaka zambiri ku mtsinje wa Kafue pamodzi ndi anthu ochita kafukufuku wa nsomba. Ankadikira asodzi padoko, kuyeza kutalika kwa nsomba pa kathabwa, kuziika pa sikelo, ndi kuyang'ana mamba pa galasi kuti adziwe msinkhu wake. Atapuma ntchito anadzakhala nafe kuno ku Chelstone mu Lusaka, koma kuyeza sanasiye. Tikapita kumsika ankanyamula nsomba n'kuigoneka pachikhatho, mchira wake osafika ngakhale pamkono.

"Mayi, uyu ndi mwana wa sukulu," ankatero kwa wogulitsa. "Mwamugwira asanaikire n'dzira lomwe."

"Imwe ba Mwale, ngati simugula pitani chabe, mutithawisila makasitoma!"

Ankaseka n'kugula ndithu, ine nditabisala kumbuyo kwa mwendo wawo. Dzina langa lakuti Zelipa ndi la mayi wawo, choncho ankanditchula kuti amayi, ndipo ankandifunsa maganizo ngati munthu wamkulu ngakhale ankadziwa kuti ndiyankha ndi mutu wokha.

Akadzidzi anabwera ndili mu giredi folo. Analowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi malata, awiri, a nkhope zoyera ngati apaka ufa. Dzuwa likangolowa ankatuluka, kulira kwawo kukumveka ngati munthu akung'amba chitenje chatsopano. M'mawa uliwonse, ine ndisanasese, agogo ankayamba atola timibulu takuda timene mbalamezo zinkasanza m'munsi mwa khoma. Ankativiika m'chivindikiro cha ndowa, n'kumatiphwasula pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi, magalasi atatsikira pamphuno, wailesi ikulira chapansipansi pawindo, mpaka mu ubweya wonyowawo mutatuluka tizigaza ta makoswe tokhala ndi mano achikasu. Ankatindandalika padzuwa n'kundiitana kuti ndidzaone zimene alendo athu anadya.

Chaka chomwecho mwana wakhanda wa amake Chanda, oyandikana nafe, anadwala. Linali Loweruka ngati lero, ine ndikutsuka mbale, pamene geti linatseguka popanda odi. Analowa amake Chanda, maso ali ofiira, pambuyo pawo abambo angapo a mumsewu mwathu. Wina ankagubuduza tayala lakutha, wina atanyamula botolo la parafini. Amayi anali kuntchito.

"Ba Mwale, ise tapilila maningi," anatero amake Chanda. "Chimbalame chanu chinalila pa malata panga, lelo mwana sayamwa. Mufuna tiike malilo? Tizachifukiza chichoke, na twana twake twamene."

Agogo analowa m'kanyumba, ine n'kumaganiza kuti athawa. Anatuluka atavala jekete lija, atanyamula mpando, n'kuukhazika pansi penipeni pa mpata wa akadzidzi. Anakhala, n'kupingasa miyendo.

"Yatsani," anatero. "Koma muyamba kufukiza ine."

"Shikulu, chokaniponi, utsi wa tayala uzamupayani," anatero bambo wa parafini uja, akuwatchula agogo m'Chibemba.

"Ndiye mudzalira maliro enieni, a ine mkulu wa mpingo. Mukonzeretu nkhuni."

Palibe anaseka. Mumsewu ana anali atakwera pa mpanda. Ine ndinaima pomwepo, thovu la sopo lili m'manja. Kenaka agogo anatembenukira kwa amake Chanda n'kulankhula motsitsa mawu, monga ankachitira popempherera wodwala.

"Mwana wanga, kwanu kumene munabadwira, kadzidzi akalira padenga, amayi anu ankatani?"

Amake Chanda anati: "Benze kuponya mchele pa moto. Ukathetheka, voipa vonse vibwelela kwamene vachokela."

"Kwathu ku Katete n'chimodzimodzi. Nanga tayalali mwalitenga kuti? Uwu si mwambo wa makolo, ichi n'cha minibasi."

Apo wina anaphulika kuseka, mwini tayala n'kuyamba kukanda m'mutu. Agogo sanawauze amake Chanda kuti mantha awo ndi opanda pake. Anangoti kuyambira tsiku limenelo mchere wonse woponya pa mbaula uzichokera kwathu, mbalame ikalira kamodzi kapena kakhumi, koma ana a m'denga asakhudzidwe, ndipo wa m'nyumba apite ku kiliniki nthawi yomweyo, iwo awaperekeza. Atatero anandiyang'ana.

"Amayi, katengeni mchere wa m'kabati muwapatse."

Sindidzaiwala ulendo umenewo, kuchoka kukhitchini kukafika pamene anaima amake Chanda, maso onse ali pa ine, paketi ikuterera m'manja onyowa. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anailandira n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Tayala linatuluka pa geti mmene linalowera.

Ku kiliniki anapeza malungo, ndipo mwanayo anachira. Amake Chanda mpaka lero amati unali mchere, amayi amati anali mankhwala, agogo sanaweruze. Madzulo kadzidzi akalira tinkamva kuthetheka kuseri kwa mpanda, agogo n'kukweza mawu: "Watsala wochuluka bwanji, amake Chanda?" Iwo n'kuyankha: "Bwelesani wina, chimbalame chanu chilibe tulo!"

Koma si onse anaseka. Amayi ena a kutchalitchi anasiya kulandira madzi akumwa kwathu. Kusukulu anzanga ankanditcha mdzukulu wa kadzidzi, ndikamadutsa n'kumalira ngati mbalameyo. Tsiku lina ndinabwera ndikulira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawafunsa agogo funso lathunthu: bwanji osangozithamangitsa kuti anthu atisiye? Anali kusoka nsapato pakhonde. Anaika singano pansi n'kundiuza za ku Kafue, mmene pachiyambi nsomba imodzi inkadzaza kathabwa koyezera mchira n'kulendewera, ndi mmene chaka ndi chaka zinkafupikira, asodzi akuchuluka, ena akukoka maneti a udzudzu amene sasiya ngakhale tiana. Iwo ankayeza, kulemba, kutumiza kwa akuluakulu a kafukufuku, mawa lake n'kuyezanso.

"Chinthu chikamatha sichitsanzika, amayi," anatero. "Chimayamba chachepa, anthu n'kuzolowera, kenaka ana amabadwa osadziwa kuti chinaliko. Mtsinje unali waukulu, manja anga awiri okha. Koma awa abwera padenga langa. Apa pokha ndingathe kukana."

Patapita zaka, anthu a ku yunivesite amene ankafufuza za akadzidzi a m'tauni anamva za nyumba yathu. Anabwera masana ndi makwerero, wowatsogolera ali mayi wachitsikana wovala magolovesi, dzina lake a Namakau. Anafotokoza kuti mbalamezi zikusowa mu Lusaka chifukwa mitengo ikuluikulu ikudulidwa, anthu amazipha poopa, ndipo zina zimafa zikadya makoswe amene adya poizoni. Anatsitsa ana mosamala, kuwayeza, kuwaveka timphete m'miyendo n'kuwabwezera. Agogo anawatulutsira zitini za timibulu touma, chilichonse cha nyengo yake, ndipo a Namakau anakhala pansi pa simenti n'kumawafunsa za akadzidzi, kenaka za nsomba, mpaka tiyi anazizira. Kamwana kamodzi anandipatsa kuti ndigwire. Kanali kopepuka ngati thonje, kamtima kakugunda pachikhatho changa. Anthu a mumsewu anadzaza pa geti, ndipo ndinamva amake Chanda akuuza mnzawo kuti: "Ni ba neba banga aba. Ine nimaziziba kudala izi mbalame." Agogo anaima pambali atavala chipewa cha kuntchito, chibwano chili m'mwamba. Ine sindinayang'ane pansi tsiku limenelo.

Anamwalira chaka chatha nyengo ya mvula, atadwala pang'ono. Akadzidzi anatsala, ndipo timibulu ndimatola ndine.

Masana ano ndinabwereka foni ya amayi n'kuimbira a Namakau. Anati angathe kudzakhoma bokosi pa mtengo wautali wa kuseri kuti makolowo asamukiremo, koma ana sangasunthidwe asanayambe kuuluka, ndipo pafunika masabata angapo. Denga likasasulidwa Lolemba, afa. Ndinawauza amayi, iwo anapumira m'mwamba n'kunena kuti nyumba ino akuyang'anira ndi achimwene awo, ndipo lendiyo akuifunira sukulu yanga yomwe. N'zoona. Amalume si munthu woipa. Kungoti sindinayambe ndawauzapo mawu opitirira moni, ndipo akamalankhula sayembekezera yankho.

Pamene ndimayanula zovala, amake Chanda anasuzumira pa mpanda. Nkhani anali ataimva kale, monga amamvera zonse.

"Iwe Zelipa, ni zoona ati bafuna kuchosa malata?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ine ivo vimbalame nikali kuvizonda, sinivifuna, usaganize ati nasintha. Koma makoswe ku nyumba kwanga kulibe. Ngati uyopa, nizakupelekeza kuli ba malume bako, nibauze bwino bwino."

Ndinathokoza, koma ndinakana. Amake Chanda akapita kukakhala phokoso, amalume n'kuumitsa mtima. Komanso munthu amene anaphunzitsidwa ntchitoyi ndine, ndipo ndikudziwa zimene ndikupempha: osati kuti denga lisakonzedwe, koma kuti lidikire mpaka ana auluke.

Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikwera minibasi ya ku tauni, ndikakwerenso ya ku Libala, ndekha. Ndikagogoda, ndikagwada, ndikapereka moni. Amalume akadzafunsa kuti amayi andituma chiyani, ndidzawayang'ana kumaso n'kunena kuti palibe amene wandituma, ndabwera ndi nkhani yanga, ndipo sindidzanyamuka asanaimve yonse.