Mbande Imodzi pa Phando

Chaka chimene amuna awo anamwalira, achemwali anga aakulu anatsala ndi munda umodzi wa mpunga m'dambo la ku Chia. Mundawo unali wa kuchimuna. Pa tsiku lometa, alamu awo, ang'ono a malemu, ananena poyera kuti, "Limani, mlamu. Koma ukagona, kapena mukaulima theka, tidzaupereka kwa wina." Sanali munthu woipa. Minda ya m'dambo njosowa, ndipo oifuna ngambiri.

Mvula yoyamba inabwera yaukali, madzi nkukokolola nazale yonse. Mbewu yotsala m'nyumba inali ya m'kabeseni kamodzi. Ifetu tinakula tikuwokera mbande zingapo pamodzi, kuzitsindira m'matope mothithikana. Mwa njira imeneyo, mbewuyo sikanakwana ngakhale theka la munda.

Masiku amenewo kunali sukulu ya alimi, Lachinayi lililonse, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi chathu. Ine ndinkangoiona podutsa. Ndimawerenga Mawu pa mapemphero a Lamulungu, ndipo ndinkadziyesa wophunzira kale. Achemwali, amene sanalowepo m'kalasi ali mwana, sankajomba. Anzawo akamalemba m'makope, iwo ankamanga mfundo pa chingwe, mfundo iliyonse kuimira phando limodzi. Alangizi a sukuluyo anali mayi wochepa thupi, wobwera pa njinga yamoto. Sankaloza ndi chala ali kumtunda. Ankavula nsapato, nkulowa m'matope, ndipo funso limodzi ankatha kuliyankha katatu osakwinya nkhope.

Mmawa wina ndinawapeza achemwali akuwokera. Anali atafesanso nazale ndi kambewu kaja, ndipo mbande zinali zisanakule, za masamba awiri okha. Anakoka chingwe chawo, nkumabzala imodziimodzi, motalikirana, ngati akugoneka khanda. Ine ndinaona ngati akungowononga munda.

"Achemwali," ndinatero, "simukumbukira zimene mtumwi analemba za munthu wofesa moumira, kuti amakololanso zochepa?"

Anaweramuka, matope ali m'zigongono. "Achimwene, woumira ndani? Ndathira yonse imene ndinali nayo. M'beseni simunatsale ngakhale yoti nkhuku ijomphe."

Ine wowerenga Mawu ndinali nditaiwala mayi wamasiye uja amene Ambuye anamuona pa bokosi la zopereka. Ndinawatembenuzira lemba ngati ndodo, pamene iwo anali m'kati mwa lemba lina. Mpaka lero ndikakumbukira, manyazi amandigwira pamaso pa Mulungu.

Masabata otsatira anali olemera. Minda ya anzawo inali yobiriwira bii, wawo ukuoneka madzi okhaokha ndi titsitsi apa ndi apo.

"Mayi, munda wanuwu wachita dazi!" anafuula bambo wa munda woyandikana nawo. "Tiugulire chipewa?"

"Gulani chachikulu," anayankha osatembenuka, "tsitsi likubwera."

Koma kwa ine anaulula kuti mantha anali nawo. Pamene anatsegula mzere wotchinga madzi kuti atuluke nthaka ipumeko, monga anaphunzirira, ngakhale amayi a m'bungwe lawo la kutchalitchi anabwera kudzawachonderera kuti asaphe mpunga ndi ludzu. Alamu aja anadutsa kawiri, nkuima m'malire, nkuuyang'ana mundawo, nkumapita. Kayang'anidwe kawoko kankaopsa kuposa chipongwe. Achemwali sanabwerere m'mbuyo, komanso sanangokhulupirira mwakhungu. Tsamba likachita chikasu ankalithothola, nkulikulunga pa nsonga ya chitenje, kukawaonetsa alangizi Lachinayi. Ankapalira pakati pa mizere mpaka msana kuuma. Popita kumunda ankapemphera mawu ochepa kwambiri: "Ambuye, ine ndabzala. Kukulitsa nkwanu."

Tsiku lina anandiitana. "Bwerani, inu odziwa kuwerenga. Werengani apa." Anandigwiritsa phata limodzi, lochokera ku kambande kamodzi kaja. Linali litabereka ana ambiri moti dzanja langa silinathe kulizungulira. Ndinayamba kuwerenga, ndinasokoneza, ndinayambanso. Iwo ankangoseka. Dazi lija linali litatsekeka, munthu osaonanso madzi pansi. Ndinaima m'matopemo ndi buluku langa lakutchalitchi, ndikuyamika Iye amene amabisira anzeru zinthu zake.

Lachinayi lotsatira ndinakakhala pansi pa mango paja, kumbuyo kwenikweni, ndili ndi imvi zanga. Alangizi atafunsa wofuna kuonetsa atsopano kawokeredwe, amene anaimirira anali achemwali.

Pa nthawi yokolola, ngala zinali zolemera mpaka kuwerama. Tili mkati mopuntha, alamu aja anatulukira. Anazungulira munda wonse kuyambira kumtunda mpaka kumadzi, kufuna pamene panagona, osapapeza. Anatola ngala imodzi, nkuitikita m'manja, nkuluma kanjere. Achemwali anasiya kupuntha, nkudikira.

"Mlamu," anatero bamboyo, "mundawu ngwanu. Palibe adzakuvutitseni."

Kenaka anavula malaya, nkutenga ndodo yanga, nkuyamba kupuntha.