Ndinawadiropa Azakhali

Lolemba ndinawadiropa azakhali anga, mlongo wa atate, pa siteshoni ya basi. Mwawamva mawuwo? Kudiropa.

Chichokereni azungu m'maofesi muno m'Chipata, ife makalaliki tatola mipando yawo, tatola ndi mawu awo omwe. Masiku ano aliyense akudiropa: kalata ku positi, ana kusukulu, apongozi kumsika. Umaimika galimoto, munthu n'kutsika, iwe ulendo.

Azakhaliwo anachokera ku Mtenguleni, n'kugona kwathu masiku awiri. Anadya, anayamika akazi anga, anasewera ndi ana. Koma ine ndinkaona kuti ali ndi mawu. Atate ndi ine sitinalankhulane chikwatirireni ine m'tauni muno osawauza, ndiye azakhali sakanakwera basi kudzangoona makatani.

Kwathu kumudzi nkhani yolemera sinenedwa m'nyumba. Imanenedwa poperekeza. Ndimakumbuka amayi atasenza katundu wa mlendo, kudutsa m'minda ya thonje mpaka kumtsinje. Akafika kumeneko ankayamba kuyenda mozengereza, mawu n'kutsika. Nthawi zina mlendoyo ankatembenuka n'kuperekezanso womuperekeza, poti nkhani sinathe. Ndi maukwati angati anapulumukira panjira imeneyo? Ndimaisowa njira ija.

Zonsezi ndikuzidziwa. Komabe ndinapempha dalaivala wa ku ofesi, kufuna kuti azakhali akasimbe kumudzi kuti mwana uja amayendera galimoto ya boma. Iwo anakhala kumbuyo atafumbata phukusi lawo, ine kutsogolo ngati bwana. Asanatsokomole n'komwe, tinali titafika. Ndinawatsazikira pawindo.

Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Lachinayi kunabwera ku ofesi mayi wina wakwathu, wogulitsa mtedza pamsika.

"Azakhali anu akuti mawu a atate anu abwerera nawo," anatero. "Akuti njira inafupika."

Nditafunsa kuti mawu otani, anati sakudziwa. Chimene akudziwa n'choti atatewo sakutulukanso m'nyumba, ndipo akumafunsa ngati ndabwera.

Zinandipweteka kwambiri, ndipo manyazi sanandichoke mpaka lero. Nkhalamba yosadziwa kupepesa inatuma mlongo wake, ine n'kumufulumizitsa ndi petulo wa boma.

Loweruka ndikwera basi. Kaya ndikawapeza akutha kulankhula, sindikudziwa.

Nanga inu anzanga a magalimoto, mlendo amene munamudiropa dzana, munamva chimene anadzera?