Galimoto ya atate anu yatitimira padambo

Mwaswera bwanji ana anga.

Lero galimoto ya malemu atate anu, yokoka ndi mawilo onse ija, yatitimira m'matope panjira ya ku Vubwi. Ndinali ndekha. Ndakoka giya yaing'ono, koma mawilo akutsogolo angoti duu. Ndakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka.

Bambo wina wangolo ndiye wandionetsa kuti pamawilo akutsogolo pali tizitsulo topotokola ndi dzanja kuti nawonso azikoka. Titatipotokola, galimoto yatuluka. Zaka zonsezi atate anu akatsika tisanalowe dambo n'kugwada pawilo, ine ndinkangoti akuona mpweya. Sindinawafunsepo.

Galimotoyi tinaigula yotha kale, dizilo ikumwa ngati ng'ombe yaludzu, ndipo makanika wa ku Katete amandizindikira ndili patali. Amalume anu akuti ndigulitse. Koma mpando uli pomwe anausiya atate anu, ine ndimangoika pilo kumsana kuti miyendo ifike. Inu mukuti bwanji?