Denga la ku Nchilamwela

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene thiransifoma ya pa fakitale ya tiyi inapsa. Miyezi itatu ndinali ndikuwauza akapitawo kuti ikudontha oyilo, iwo amvekere, "Isiyeni, bola ikulira." Itaphulika, mafani ofotetsa masamba anaima, tiyi wothyola masiku awiri anaola, mlandu n'kugwera ife amagetsi. Zinandikwana. Ndinatsanzika mkazi wanga Esinati kwawo ku Nchilamwela, kumene ndinali mkamwini, mwana wathu Tamanda akadali kumsana.

Ku Joni ndinalowa pa kampani yosamalira masiteshoni a magetsi. Kumeneko sadikira kuti chinthu chipse. Thiransifoma iliyonse ili ndi tsiku lake loiyendera, ngakhale ikhale yabwinobwino. Tinkatapa oyilo kukamuyezetsa, kumanga mabawuti olefuka, ndi kuunika polumikizira mawaya ndi kamera yoonetsa potentha. Ntchito imeneyi ndinaikonda, ndipo sindibisa, ndinali katswiri.

Zakunyumba ndiye zinkandivuta. Lamlungu ndinkakhala m'chipinda chimene tinkagona anthu anayi, foni ili m'manja, ndili wosungulumwa. Koma ndikaimba ndinene chiyani ndilibe kanthu kotumiza? Ndinkaibweza m'thumba. Ndinkaimba pokhapokha Esinati akalemba kuti kwagwa vuto. Tamanda wadwala malungo, ndiimbe, nditumize kangachepe. Mbuzi zabedwa, chimodzimodzi. Chaka chachitatu analemba kuti mphepo yasasula denga lonse. Ulendo umenewo ndinatumiza ndalama za malata, ndipo tinacheza ola lathunthu, mpaka anaseka. Kenako mauthenga anasiya kubwera, ine n'kumati kunyumba kuli mtendere.

Kontirakiti itatha ndinabwerera. Ndinatsika minibasi pa boma la Thyolo, n'kukwera kabaza kudutsa m'minda ya tiyi, mtima uli dyokodyoko kuti ndikaone malata atsopano. Ndinapeza denga lomwe lija ndinakhoma ndekha, dzimbiri lake lomwelo, ndi mwala womwe ndinatsamiza pakona.

Esinati anandilandira mwaulemu ngati mlendo wa kumpingo. Tamanda atapita kukasewera ndinafunsa za denga.

"Silinasasukepo," anatero. "Mbuzinso sizinabedwe. Malungo okhawo ndiwo anali oona."

"Ndiye munkandinamiza chifukwa cha ndalama?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini, ndalama zadenga zili momwemo, zomanga ndi mphira.

"Bambo a Tamanda, ndikanalemba kuti tonse tili bwino, mukanaimba? Ndinkafuna ndimve voice yanu basi. Kenako ndinachita manyazi, munthu wa mvano kumanama. Nditasiya, seven months, inu zii."

Ine amene ndinkakwera mapolo a eni ake kukamanga bawuti isanatenthe, kwanga ndinkadikira utsi. Sindinakwiye naye. Ndinamumvera chisoni, poganiza mkazi atakhala pakhonde kupeka tsoka loti mwamuna wake amulankhule.

Ndinati ndabwereratu, sindipitanso. Anayang'ana chikwama changa chimene chinali chikadali pakhomo, chifukwa palibe amene anachilowetsa, ndipo nyumbayo ili pa dothi la amayi ake.

"Zimenezo mukanene Loweruka," anatero motsitsa mawu. "Ndaitana ankhoswe. Ili lokha si bodza."