Tsiku Limene Tinakumba Make Chiswe

Chaka chimene ndinakwatiwa, chiswe chinatidyera nkhokwe. Tinkakhala kwa Maseya, pamudzi pa amayi anga, ndipo amuna anga anali mkamwini watsopano. Anachokera kunsi, kudziko la Apwitikizi, kuthawa ntchito yokakamiza, ndipo polankhula ankasakaniza Chimang'anja ndi Chisena. Nkhokweyo anamanga okha kuti apongozi awo aone kuti ntchito amaitha. Tinathiramo mapira athu onse. Koma tsiku lina nditatsamira mwendo wake umodzi, unangophwanyika ngati phesi. M'kati munali dothi lokhalokha.

Amuna anga anayang'ana chulu chachikulu chimene chinali kuseri kwa nyumba yathu.

"Mkazanga, chiswe chili ndi make," anatero. "Ali m'menemo. Tikamuchotsa iyeyo, ana ake abalalika."

Ndinaseka. "Make chiswe? Munamuonapo inu?"

"Sindinamuone. Koma kwathu amanena kuti ndi wamkulu kuposa chala ichi."

Nditakawauza amayi, sanakondwe. Pachulupo ndi pamene ankagwira ngumbi mvula ikayamba, ndipo bowa wabwino ankamera m'mbali mwake. Poti mkamwini ndi apongozi sankayang'anana kumaso, mawu ankadzera kwa ine. "Ukawauze kuti akumbe mbali imodzi yokha," anatero amayi. "Ndipo akapezamo mphepo yokha, asadzandiuze za kwawo."

Tinayamba m'mamawa, dzuwa lisanapse. Inali nyengo yotentha ija imene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi, ndipo chulu chinali gwa ngati mwala. Khasu linkangodumpha. Ndinatunga madzi kumtsinje, mtsuko ndi mtsuko, n'kumathira pamene amuna anga ankaboola ndi mtengo wosongola. Dothi litafewa ndinatenga khasu langa, tinayamba kukumba tonse awiri.

Titangoboola khoma, munatuluka mpweya wofunda, wonyowa, wonunkhira bowa. Kenako agang'a, chiswe cha mitu ikuluikulu yofiira chimene chimalondera chulu, anatuluka ali chiyasamire. Mmodzi anandigwira pachala. Ndinamukoka, thupi n'kuduka, mutu n'kutsala pomwepo ukulumabe! Ndinakuwa, amuna anga n'kumandiseka, mpaka ena anawakwera m'miyendo. Anavina gule amene sindinamuonepo, akutukwana m'Chisena.

Koma za ululu tinaiwala msanga. M'kati mwa chulu munali mudzi weniweni. Munali tinjira tosalala ngati tozira ndi manja, tina tokwera, tina totsika. Munali zipinda, ndipo m'chipinda chilichonse munali chinthu chotuwa chonga chisa cha njuchi, chofewa, chokhala ndi timadontho toyera ngati ufa. Ndinanyema chimodzi n'kununkhiza.

"Bambo, uyu ndi bowa!" ndinatero. "Chiswe chimalima!"

Tiana ta chiswe, toyera mbee, tinkayenda pamenepo ngati tikudya m'munda mwawo. Apo ndinamvetsa chifukwa chake bowa wa amayi ankamera pachulu pokha. Mitengo ndi udzu zimene chiswe chimaba kunja, chimadzaunjika m'zipindamo, bowa n'kumamera pamenepo.

Dzuwa litafika pamutu, dzenje linali litatimeza mpaka m'chiuno. Anthu anayamba kubwera, ena atasenza mitolo ya thonje, n'kuima m'mbali kumatifunsa ngati tikukumba manda. Ndiye khasu langa linagunda chinthu cholimba kuposa dothi lonse. Ndinafukula ndi manja. Chinali chibuma chachikulu ngati chipanda, chokhala ndi timabowo ting'onoting'ono m'mbali, ndipo chiswe chinkalowa ndi kutuluka mothamanga.

"Ninji?" anafunsa amuna anga m'Chisena, kutanthauza kuti n'chiyani.

Tinachitulutsa n'kuchiika pamphasa. Amuna anga anachimenya pang'onopang'ono ndi msana wa nkhwangwa mpaka chinang'ambika pakati.

Mayo ine! Analimo! Anali chigonere m'kachipinda kosalala, woyera, wonenepa, wamtali kuposa chala changa chapakati. Mutu ndi miyendo zinali zazing'ono ngati za ngumbi wamba, koma mimba yonse inali thumba lofewa limene linkafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati munthu akupuma. Kuyenda sankatha. Timabowo tija tinali tochepa moti sakanatulukamo moyo wake wonse. Ana ake anamuzungulira. Ena ankamunyambita, ena ankamudyetsa pakamwa, ndipo kumbuyo kwake kunkatuluka timazira tosaleka, ena n'kumatinyamula kuthawa nato. Pambali pake panali kachiswe kena kakuda, kokulirapo pang'ono, kamene kanayesa kubisala pansi pa mimbayo.

"Uyo ndiye mwamuna wake," anatero mayi wina wonyamula thonje. "Taonani kuchepa kwake! Naye ndi mkamwini!"

Anthu anafa nacho chiseko. Ndipo nditadzutsa mutu ndinaona amayi atagwada pamphasa, phewa lawo litagundana ndi la amuna anga, onse awiri maso ali pa make chiswe. Atazindikira, amayi anafunda nsalu kumutu n'kubwerera m'mbuyo, koma sanachoke.

"Ukawauze kuti sananame," anandiuza, ngakhale mwini wakeyo anali pomwepo akumva.

Madzulo amayi anamuwotcha make chiswe n'kupatsa mwana wa mchemwali wanga amene anali wowonda, poti ankati amapatsa mphamvu. Nkhokwe tinaisanja pamiyala, n'kuthira phulusa kuzungulira.

M'mawa mwake ndinathamangira kuchulu kukaona ngati chiswe chabalalika. Ndinapeza chikumanga! Tinjira tonse timene tinaboola chinali chitamata ndi dothi latsopano. Ndinakhudza, linali lonyowa, pamene pansi ponse panali pouma mpaka kung'aluka. Ndinaitana amuna anga.

"Madziwa chikuwatenga kuti?" ndinafunsa.

Anafinya dothilo ndi zala. Kenako anakatenga khasu. Anakumba pambali pa chulu masiku angapo, akutsata tinjira timene tinkatsikira pansi, anthu akunena kuti mkamwini wa Chisena wapenga. Tsiku lina ndinamva akukuwa m'dzenjemo kuti ndibweretse chikho. Anali atapeza madzi, amatope koma ozizira. Ndinamwa ndili chiimire, ena akutsikira m'khosi mpaka pachifuwa.